Benchi la Kumbuyo

M'tchalitchi mwathu muli benchi limodzi lomwe munthu sakhalapo mwa kufuna kwake. Lili kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, pomwe mphepo ya kuno ku Tukuyu imalowera n'kumakuluma m'miyendo. Limenelo ndi la anthu odulidwa. Ikakwana nthawi ya mgonero amadzuka mwakachetechete n'kutuluka, ife enafe tikunamizira kuyang'ana m'buku la nyimbo, chonsecho tikuwawerenga mmodzimmodzi.

Gwamaka, mwana wa malemu achimwene anga, anakhalapo chaka chathunthu. Mlandu wake sindibisa, wandichititsa kale manyazi okwanira. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, mnzake wa ponda apa nane ndipondepo, Asukile, popita kokumba golide ku Chunya anamusiyira pakhomo kuti aziyang'anira. Mwana wathuyu anayang'aniradi, mpaka kuyang'anira ndi zosamutuma zomwe. Nkhani itaphulika, akuluakulu anagamula ng'ombe, ng'ombe inapita. Mpingo unamudula. Asukile anatenga mkazi wake Sekela n'kusamukira ku Kyela osatsanzika munthu.

Chaka chitatha anamubwezera mumpingo. Koma mwanayu, abale inu! Benchi lija analikakamira ngati analigula.

"Iwe, kutsogoloku kuli minga?" ndinkamufunsa.

"Ndinapazolowera, azakhali. Komanso pamawomba kamphepo."

Kamphepo kake kati, ku Tukuyu mwezi wa Juni? Ndinkangodziwa kuti mtima wake sunamasukebe, ndipo zinkandipweteka.

* * *

Chomwe chinasintha zinthu ndi mabuku a nyimbo. Wogawa mabukuwo pakhomo anali Tusajigwe, mwana wa a Mwandemele, mkulu wa mpingo. Ndi yemwenso amaphunzitsa ana ku Sande sukulu. Mtsikana wamtali, woseka ndi thupi lonse, pakamwa pake posasunga mawu. Akatha kugawa ankasowa pokhala, ndiye ankangokhala kumapeto kwa benchi lomwelo la Gwamaka.

Tsono ife a kwa Mwaisumo timabadwa ndi kachigamba ka tsitsi loyera pamwamba pa mphumi. Achimwene anali nako, ine ndili nako koma kamakhala m'duku, Gwamaka ali nako. Tusa atangokaona, dzina linapezeka pomwepo.

"Agogo, lero mwaiwala ndodo?"

"Ndaisiya dala. Ndimati mwina wina andigwira mkono potsika chitundachi."

"Ee, nkhalamba za masiku ano! Tsegulani nyimboyo, ikukupitani."

Ine ndili benchi lachitatu kuchokera kumbuyo, makutu anga ali gwa. Nyimbo ya tsiku limenelo musandifunse.

Sipanathe miyezi itatu, foni ya Gwamaka inayamba kulira ngati ya munthu wogulitsa malo. Ankabwera kwanga kudzamwa tiyi, koma tiyiyo ankazizira m'kapu iye ali nyomi kuyang'ana pafoni. Tsiku lina ndinailanda. Ndine azakhali ake, ndani angandiletse?

"Agogo, mwadya?"

"Ndadya nthochi, zopserera pansi, zosapsa pamwamba."

"Mukufunika thandizo mwamsanga."

"N'zomwe ndakhala ndikunena. Fomu yake ikupezeka kuti?"

"Kwa bambo anga. Koma mubwere mutapemphera."

Ndinabweza foniyo ndikuseka mpaka misozi. Zaka zonsezi ndinali ndisanamuonepo mwanayu akuwala nkhope chotero.

* * *

Anafunsirana pakhomo panga, pansi pa mtengo wa mapeyala, Loweruka masana. Ine ndinali kuseri m'nthochi kudula masamba ouma. Sikuti ndimamvetsera ayi, kungoti masambawo anali chakufupi.

Gwamaka anayamba kufotokoza za Sekela. Tusa anamusiya mpaka amalize.

"Zimenezo ndikuzidziwa," anatero. "Nthawi imeneyo ndinali wamng'ono koma makutu ndinali nawo. Sindikukwatiwa ndi munthu wa zaka zimenezo, ndikukwatiwa ndi agogo awa ali apawa. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi chokha."

"Nenani."

"Musadzandibisire kanthu. Choipa chilichonse ndichimve pakamwa panu, osati pamsika. Zina zonse ndingapirire, koma kupusitsidwa ayi. Tsiku lomwe ndidzadziwe kuti mwandibisira, ndidzanyamuka, ngakhale nditavala kale chovala choyera."

"Sindidzakubisirani kanthu, Tusa. Mulungu akumva."

Nanenso ndinamva, ndipo ndinatuluka m'nthochimo ndi nthungululu, chikwanje chili m'manja. Anadzidzimuka onse awiri, kenako tinaseka mpaka kugwira m'mimba.

* * *

Si onse anakondwa. Kukwaya kuli Hobokela, wa mawu okoma ngati uchi akamaimba, koma akangotseka buku lilime limasanduka lumo. Iyeyu anatha zaka ziwiri akunditumizira mandazi, ati "azakhali adyere tiyi," chonsecho mandaziwo ankayenera kudutsa kwa Gwamaka. Ine ndinkadya ndithu, mandazi alibe mlandu.

Atatha kuyeserera nyimbo Lachinayi, anamuponyera mawu Tusa pamaso pa anthu.

"Mwayi wako, mnzanga. Kungoti ukakalowa m'banjamo usadzadabwe anzako okwatiwa akamadzakulambalala. Amuna awo sadzawalola kuponda pakhomo pako."

Tusa anapinda nsalu yake mosapupuluma.

"Palibe vuto, Hobokela. Uzidzabwera iweyo, poti ulibe wokuletsa."

Akuti kwaya inabalalika ndi phwete. Koma Hobokela sanathere pomwepo. Madzulo omwewo anakagwada kwa a Mwandemele, ati wabwera ngati mlongo wodera nkhawa.

* * *

A Mwandemele anatiitanitsa Lolemba m'mawa. Bambo ake a Gwamaka kulibe, ndiye ndinapita ndine. Tinawapeza pakhonde, Baibulo lili pamwendo, magalasi ali pamphuno. Munthuyu sakalipa, ndipo n'chifukwa chake amaopsa.

"Za Hobokela musade nazo nkhawa," anayamba motero. "Nsanje ndimaidziwa ikamayankhula. Koma ndili ndi funso langalanga. Gwamaka, ng'ombe ija inapita, ndinaiperekeza ndine. Benchi unakhalapo, ndinkakuona. Nanga Asukile unamuyang'anapo m'maso?"

Gwamaka anawerama. "Ayi, bambo."

"Ndiye kuti inapepesa ndi ng'ombe, iwe ayi."

Ine ndinalowererapo. "Pepani bambo, koma mpingo unamukhululukira mwanayu. Inuyo munakweza nawo dzanja. Nanga tizimuzenga kawiri?"

"Mayi, khalani pansi mtima. Mfumu Davide atatenga mkazi wa msilikali wake, mneneri anamudzudzula, iye n'kuvomera. Mulungu anamukhululukira pomwepo, sanadikire mawa. Koma tsegulani masamba otsatirawo. Mwana anamwalira. Ana ena anaukirana okhaokha. M'nyumba ya mfumu simunakhalenso mtendere. Kukhululukidwa kunabwera tsiku limodzi, koma zotsatira zinkabwera pang'onopang'ono, zaka ndi zaka."

"Nanga mayi uja anamugwira n'kufuna kumugenda?" ndinatero, poti nanenso Baibulo ndimawerenga. "Ambuye sanangomuuza kuti apite asakachimwenso?"

"Anatero ndithu. Koma sitinauzidwe zomwe anakapeza atafika kunyumba."



A Mwandemele anavula magalasi n'kumuyang'ana Gwamaka mwachifundo. "Mwana wanga, sindikudana nawe. Ndakuona zaka zonsezi, wasintha. Koma Tusa ndi mwana wanga mmodzi yekha wamkazi, ndipo ndikumulowetsa m'nyumba mwako. Ndifuna ndidziwe kuti m'mbuyo mwako simukubwera kanthu. Pita ku Kyela, ukagwade. Asukile akakukhululukira, abwere adzandiuze ndi pakamwa pake. Akatero, Lamulungu lomwelo tilengeza ukwati."

Potuluka tinakumana ndi Tusa kuseri kwa nyumba, akunamizira kuyanika zovala zouma kale.

"Pitani, Agogo," ananong'ona. "Mukabwerako mudzandiuze zonse."

* * *

Tinanyamuka Lachitatu ndi basi ya m'mawa, ine ndi nkhuku pamwendo, iye ndi mkoko wa nthochi. Ku Kyela n'kotsika, ndipo ukamatsika juzi imayamba kukulemera. Pofika m'minda ya mpunga thukuta linali kamukamu.

Asukile tinamupeza pakhomo akukonza mpini wa khasu. Anali atakalamba kuposa msinkhu wake. Atationa, anaika mpiniwo pansi pang'onopang'ono. Anandilonjera ine mwaulemu, n'kunditulutsira mpando. Gwamaka sanadikire mpando. Anagwada pafumbi pomwepo.

"Achimwene, munandisiyira nyumba yanu ndipo ndinaiwononga. Ndinatumiza ng'ombe chifukwa ndinkaopa nkhope yanu. Ndachedwa zaka zisanu ndi zitatu. Ndikhululukireni."

Asukile anamuyang'ana, nkhuku ija ikudandaula pamwendo panga.

"Sekela anamwalira," anatero. "Chaka chino n'chachitatu."

Sitinkadziwa. Mayo ine, sitinkadziwa n'komwe!

"Sindinamumenye, sindinamuthamangitse. Koma zaka zinayi tinakhala ngati alendo ogona nyumba imodzi. Ankaphika, ndinkadya, basi. Iye ankapepesa, ine ndinkangoti ndamva. Chaka chomwe ndinati tsopano ndiyambe kuseka naye, ndi chomwe anadwala. Ndiye ukaona imvi izi, Gwamaka, zina ndi zako, zina ndi zanga."

Gwamaka analira ngati mwana. Inenso duku linagwira ntchito ya mpango.

"Dzuka," anatero Asukile. "Ndinachedwa kukhululukira munthu mmodzi, sindifuna kuchedwanso. Dzuka, mphwanga. Zatha."

Nkhuku ija ndinaipha ndine, n'kuphika ndi mpunga wa komweko, uja umanunkhira mpaka kumsewu. Anadyera mbale imodzi monga mwa mwambo wake, kuti mkwiyo usatsale pakati pawo. Posakhalitsa anayamba kukumbutsana za ubwana, za tsiku lomwe anaba mapeyala kwa abusa n'kugwa ndi nthambi yomwe. Ndinawayang'ana amuna awiriwo akuseka, mtima wanga n'kukhala m'malo. Asukile analonjeza kubwera Lamulungu.

Tikusamba m'manja, panafika kamtsikana kochokera kusukulu, ka zaka ngati zisanu ndi ziwiri, kansalu kali kumutu kutentha konseko.

"Atuganile, lonjera alendo," anatero Asukile, koma mawu ake anali atasintha.

Kanagwada bwinobwino, kenako kanathamangira pamtsuko, n'kuvula kansalu kaja kuti kasukusule. Katatembenuka, madzi akuyenderera kumaso, ndinaona chomwe ndimaona pagalasi m'mawa uliwonse. Pamwamba pa mphumi panali kachigamba koyera.

Gwamaka anangoti kukamwa yasa.

Asukile anatuma mwanayo kukatenga mchere kwa aneba. Atapita, anayankhula motsitsa mawu.

"Mwaona. Timapaka mankhwala akuda, koma pakatha sabata kamatulukanso. N'chifukwa chake sindinabwererenso ku Tukuyu. Tsono mvetsetsa, Gwamaka. Mwanayu ndinamunyamula ndine tsiku lobadwa. Malungo ake ndagona nawo ndine kuchipatala. Amayi ake atapita, amene anandidzutsa pamphasa ndi iyeyu. Ndi wanga. Sadziwa kanthu, ndipo asadziwe."

"Achimwene, sindingakulandeni..."

"Iwe sungandilande, koma pakamwa pa anthu pangandilande. Akangodziwa mmodzi, adziwa onse, ndipo abale ako adzabwera kudzafuna magazi awo. Unanditengera mkazi, ndakhululuka. Ukanditengera uyu, sindidzatha. Lumbira kuti suuza munthu. Ngakhale mkazi ukufuna kukwatirayo."

Gwamaka anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Munthu amene wangokukhululukira chinthu chotere, ungamukanize bwanji? Analumbira, nanenso ndinalumbira.

* * *

M'basi pobwerera foni inalira.

"Agogo, mwayendako bwanji? Mtima uli m'mwamba kuno."

"Wandikhululukira. Abwera Lamulungu."

"Ambuye alemekezeke! Ndikuvina ndekha kukhitchini kuno. Palibe china?"

Gwamaka analemba, n'kufufuta. Analembanso, n'kufufutanso. Anandionetsa foniyo, maso ali ofiira.

"Azakhali, nditani? Uku ndinalonjeza, ukunso ndalumbira."

Apa ndiye ndivomere tchimo langa, poti ndanena a anthu ena onse. Ndinaganiza za benchi lozizira lija, ndi zaka zomwe mwanayu wakhala yekha ngati wamasiye. Ndinaopa kuti chimwemwe chimupulumuka chili m'manja.

"Lemba kuti palibe," ndinatero. "Ukwati ulengezedwe kaye. Zinazo tidzaona."

Analemba liwu limodzi lokhalo. Yankho linabwera ndi timitima tofiira tambirimbiri.

* * *

Lamulungu kunacha bwino, kozizira koma kowala. Asukile anasunga mawu ake. Anafika mapemphero asanayambe, atavala jekete, akugwira dzanja Atuganile. Ndinayang'ana msanga pamphumi pa mwanayo, koma anali atamuveka chipewa choluka chofika m'makutu, monga ana onse amavalira kuno nyengo ino.

"Ndinalibe womusiyira," anandinong'oneza. "Ndipo sagona kwa eni ake."

Anayankhula ndi a Mwandemele pansi pa mtengo, mphindi zochepa chabe. Ndinaona mkulu uja akumugwira dzanja ndi manja awiri. Kenako a Mwandemele analowa m'tchalitchi, n'kuima pa benchi la kumbuyo pomwe Gwamaka anali atakhala kale.

"Dzuka apa, mwana wanga. Malo ano si ako."

Anamugwira mkono n'kuyenda naye pakati pa mpingo wonse mpaka benchi lachiwiri kutsogolo. Abale, ine ndinalira poyera, osabisa. Abusa atawerenga kuti Gwamaka Mwaisumo ndi Tusajigwe Mwandemele akufuna kumanga banja, ndipo kulengeza kumeneku n'koyamba mwa katatu, nthungululu zinang'amba denga. Kwaya inaimba ngati yadya kawiri. Hobokela yekha ankangotsegula pakamwa, mawu osatuluka.

Titatuluka, anthu anatiunjirira. Amayi ankandikumbatira, amuna ankamumenya Gwamaka pamsana, ena ayamba kale kukangana za amene adzaphike mpunga. Tusa anabwera kuchokera ku Sande sukulu ana atamuzungulira, akuwala ngati wadzola mafuta a chaka chonse. Atuganile anali atamukangamira dzanja.

"Bambo Asukile, mwana wanuyu ndi wochenjera bwanji!" anatero. "Vesi wangomva kamodzi, waloweza. Mundibwereke adzanyamule maluwa paukwati wanga."

Asukile anaseka mokakamiza. "Tidzaona, mayi. Atu, tiye, basi ingatisiye."

Koma ana ndi ana. Kamtsikana kena kanasirira kampira ka ulusi kapamwamba pa chipewacho, n'kukakoka. Chipewa chinatsetserekera kumbuyo.

Tusa ndi amene anali pafupi. Anagwada kuti amukonze, akuseka. Ndinaona kuseka kuja kukuzima pang'onopang'ono. Dzanja lake linaima pamphumi pa mwanayo. Anayang'ana kachigambako, anakweza maso n'kuyang'ana pamphumi pa Gwamaka, kenako anayang'ana duku langa.

Sanakuwe. Anakokera chipewacho kutsogolo msangamsanga, n'kuchikonza bwino mpaka m'makutu, thupi lake litatchinga kuti anthu asaone.

"Usamavule, mwana wabwino, kuno kumazizira," anatero, n'kumusisita tsaya.

Asukile ananyamula mwana wake ngati khanda n'kutsika chitunda osacheuka. Anthu ankapitiriza kuseka ndi kukambirana za mpunga, osadziwa kanthu. Koma pakhomo la tchalitchi, pafupi ndi benchi lija, panaima Hobokela, buku la nyimbo lili pachifuwa, maso ali tong'o kutsata chipewa chija.

Tusa anadzuka, n'kusansa fumbi pamaondo. Anayandikira Gwamaka kwambiri moti ndinamva ndine ndekha amene ndinali pambali pawo. Chiyambire chibwenzi chawo, aka kanali koyamba kumutchula dzina.

"Gwamaka," anatero, mawu ali phee, misozi ili lengelenge. "Ndinakufunsani kuti palibe china. Munandiyankha kuti chiyani?"